Tikuyankheni: Mapointi, Maluso ndi Moyo wa ku Sekondale

Mafunso a mwezi uno achokera kwa awerengi a m'boma la Mangochi. Ayankhidwa ndi aphunzitsi a sekondale omwe amalangizanso ophunzira pa nkhani ya ntchito. Makalata ena tawafupikitsa.

Mwana wanga wapeza mapointi 20 pa MSCE koma akuti sangafunsire malo ku yunivesite ya boma, pomwe mnzake wa mapointi 27 akuti angathe. Magiredi ake ndi awa: Chichewa 2, Agriculture 2, History 2, Geography 3, Biology 4, Chingerezi 7, masamu 8. Kodi si kukondera kumeneku? — Bambo wa ku Namwera

Bambo, kukondera palibe, chamugwetsa mwana wanu ndi 7 wa Chingereziyo. MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, 9 ndiye kulephera. Mapointi amawerengedwa pophatikiza maphunziro 6 amene mwana wachita bwino, ndipo Chingerezi chimalowa m'chiwerengerocho zivute zitani. Kwa mwana wanu, 2, 2, 2, 3 ndi 4 zikupanga 13, kuwonjezera 7 zikukwana 20. Papepala zikuoneka bwino ndithu.

Koma mayunivesite a boma, omwe amasankha ophunzira kudzera ku bungwe la NCHE, asanayang'ane mapointi amayamba awerenga ma credit. Amafuna 6, ndipo imodzi ikhale ya Chingerezi. Mwana wanu ali ndi 5, ya Chingerezi palibe. Mnzakeyo mwina ali ndi 4 atatu ndi 5 atatu, onse ma credit, ndiye fomu yake ilandiridwa. Kusankhidwa kwake ndi nkhani ina, chifukwa malo ndi ochepa ndipo akupikisana ndi ana a mapointi 10 kapena 12.

Mwanayo alembenso. Asanalembetse, mufunse ngati ma credit ochokera ku mayeso awiri amaloledwa kuphatikizidwa. Koma asalembe Chingerezi chokha, awonjezere masamu, chifukwa 8 ameneyo amutsekera mapulogalamu ambiri a ku mayunivesite a MUBAS, MUST ndi LUANAR. Muwerengenso chilengezo cha NCHE cha chaka chimenecho, chimatchula zaka za MSCE zomwe zikulandiridwa.

Chingerezi chimavuta ana ambiri kuno pa chifukwa chodziwika: kunyumba ndi Chiyao, kumsika ndi Chichewa, Chingerezi amakumana nacho m'kalasi mokha, ndiponso amangochimva osachilemba. Mankhwala ake ndi kulemba. Sabata iliyonse alembe chimangirizo chimodzi atatchera nthawi, mphunzitsi achonge, kenaka alembenso chomwecho atakonza zolakwika. Gawo lomalizali ndi lomwe ambiri amalidumpha, n'chifukwa chake amabwereza zolakwa zomwezo chaka chonse. Pa summary ndi note-making malikisi amatayika chifukwa chokopera ziganizo zonse za m'ndime m'malo motola mfundo. Mabuku a literature awerenge enieniwo, osati timanotsi ta anzake.

Ndili Fomu 2 pa CDSS ina kufupi ndi Monkey Bay. Ndimafuna unamwino, koma sukulu yathu ilibe labotale ndipo anzanga akuti ku Fomu 3 ndidzasiye Physics ndi Chemistry kuti mapointi adzatsike. Nditani? — Mtsikana wa zaka 15

Mwanawe, anzakowo akukuuza njira yopezera mapointi okongola opanda kolowera. Sukulu za zaumoyo, kaya KUHeS, kaya Malawi College of Health Sciences, kaya makoleji a CHAM ngati St Luke's ku Malosa, zimayang'ana Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi. Zofuna zawo zimasiyanako pang'ono, koma palibe imene ingakutenge chifukwa cha distinction ya History pomwe sayansi mulibe. Phunziro lomwe wasiya poyamba Fomu 3 n'lovuta kulitolanso ku Fomu 4, ntchito ya chaka chathunthu imakhala itakudutsa. M'mera mpoyamba.

Za labotale n'zoona, ndi vuto, chifukwa maphunziro atatu a sayansiwa ali ndi pepala la practical. Komabe zambiri zomwe zimafunsidwa ungaziphunzire popanda nyumba ya labotale.

Yamba ndi kujambula kwa Biology. Tenga chambo kapena usipa wauwisi, uuike pa mbale, uujambule ndi pensulo yosongoka. Mizere ikhale imodziimodzi, osadetsa chithunzi ndi mithunzi. Mizere yolozera mayina a ziwalo ujambule ndi rula ndipo isadutsane. Ukatha yeza kutalika kwa chithunzi, ugawe ndi kutalika kwa nsomba yeniyeniyo: chithunzi cha masentimita 12 cha usipa wa masentimita 8 ndi x1.5. Ambiri amataya malikisi poiwala x kapena kuikapo cm, pomwe magnification ilibe muyeso. Pa Physics, ulusi wa mita imodzi, kamwala ndi wotchi ya pafoni zakwana kupanga pendulum. Usayeze kugwedezeka kumodzi, dzanja limachedwa kudina. Werenga maulendo 20 opita ndi kubwera, ugawe nthawiyo ndi 20. Fupikitsa ulusi, ubwereze, ulembe mu tebulo, ujambule girafu. Girafu ikhale ndi mutu, mayina ndi miyeso mbali zonse ziwiri, ndipo idzaze kuposa theka la pepala.

Zomwe sizingatheke pakhomo ndi za mankhwala: iodine yemwe amasandutsa sitachi kukhala yabuluu woderako, Benedict's solution yemwe akatenthetsedwa ndi shuga wa mtundu wa glucose amafiira ngati njerwa, ndi titration, komwe ndi kudonthetsera mankhwala ena mwa ena mpaka mtundu usinthe. Izi n'zofunika kuzigwira ndi manja ako kangapo mayeso asanafike, chifukwa wogwira burette (kachubu kagalasi kodonthetsera mankhwalawo) koyamba m'chipinda cha mayeso amatsegula kwambiri n'kupitirira pomwe mtundu umasinthira. Sukulu za sekondale zili m'magulu a cluster. Inu ophunzira, kudzera kwa mphunzitsi wa sayansi, pemphani ahedi akambirane ndi sukulu ya m'gulu lanu yomwe ili ndi labotale kuti muzipitako ngakhale Loweruka limodzi pa mwezi. Pempho lotere likachokera kwa ana 15 olembetsa mayina limamveka kuposa la mwana mmodzi.

Mphwanga wamaliza Fomu 4, satifiketi wapeza koma ma credit ndi awiri. Akundikakamiza kuti ndigulitse ukonde ndimupatse ya thiransipoti ya ku Joni. Anzake onse a m'mudzi ali konko. Ine ngati malume ndimuuze chiyani? — Msodzi wa ku Malindi

Amalume, sitikuuzani kuti ku Joni kulibe ndalama, nyumba zamalata zomwe mukuziona ku Namwera ndi ku Katuli zambiri zamangidwa ndi ndalama za komweko. Koma mphwanuyo adziwe izi asanakwere basi. Pasipoti ya Malawi imamulola kukhala ku South Africa masiku 30 ngati mlendo, osati kugwira ntchito. Masikuwo akatha amakhala wozemba, bwana atha kumulipira zomwe wafuna chifukwa akudziwa kuti alibe kokadandaula, ndipo akagwidwa amakasungidwa ku Lindela kudikira kubwezedwa. Wopita wopanda luso amakagwira ntchito yomwe aliyense angagwire, malipiro akenso ndi a aliyense.

Ife tikuti ukondewo usagulitsidwe, ayambe waphunzira ntchito yamanja. Bungwe la TEVETA, loona za maphunziro a ntchito zamanja, limalengeza chaka ndi chaka malo a m'makoleji a ntchito zaluso monga Nasawa ku Zomba, Soche ku Blantyre ndi Salima, komanso m'makoleji a m'madera, omwe zofuna zawo polowa zimakhala zofewerapo. Posankha luso ayang'ane zomwe Mangochi ikusowa: kukonza mafiriji, poti nsomba ndi malo ogona alendo kuyambira Nkopola mpaka Cape Maclear zimadalira kuzizira, kukonza injini za maboti ndi njinga zamoto za kabaza, kuika magetsi a sola, kuwotcherera, kuika mapaipi a madzi. Ngati angaphunzire kwa mmisiri wa pamsika, aonetsetse kuti adzayesedwe n'kulandira pepala, chifukwa TEVETA ili ndi njira yoyesera anthu omwe anaphunzira luso kunja kwa kalasi. Popanda pepala, ntchito za makontirakitala ndi za boma zimamudutsa ngakhale manja ake akhale abwino chotani.

Ngati mtima wake uli panyanja, m'boma lomwe lino muli Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe ndi Marine Training College ku Monkey Bay, ndipo LUANAR ndi Mzuni zimaphunzitsa za nsomba mpaka digiri. Kumeneko masamu ndi sayansi n'zofunika, ndiye ayenera kubwereza kaye. Chodabwitsa n'chakuti ana ambiri obadwira m'mphepete mwa nyanja sadziwa kuti sukuluzi zilipo.

Mwana wanga wamkazi wasankhidwa ku CDSS yomwe ili pa mtunda wa makilomita 14. Anthu akuti ndimupezere kanyumba pafupi ndi sukulu azikhala ndi anzake. Ndikuopa. — Mayi wa ku Chilipa

Mantha anu ndi omveka, mayi. Pa selofu chomwe chimagwetsa atsikana kawirikawiri ndi njala: ufa ukatha pakati pa mwezi, wopereka ndalama ya ndiwo amapezeka msanga, ndipo sapereka ulele. Choncho musamusiyire ndalama ya teremu yonse nthawi imodzi. Muzimupititsira ufa, nyemba, usipa wouma, sopo ndi zovalira akakhala kumwezi milungu iwiri iliyonse, ndipo nthawi zina muzifika osanena. Nyumba ikhale mkati mwa mpanda wa banja lomwe muli mayi wamkulu, chitseko chikhale chokhoma mkati, chimbudzi ndi bafa zikhale pafupi, isayandikane ndi malo omwera mowa kapena oonetsera kanema. Mukamulembetse kwa ahedi kuti ali pa selofu, mumudziwitsenso kwa amayi a mother group ndi kwa mphunzitsi wamkazi mmodzi, musinthane manambala. Neti ya udzudzu isaiwalike, malungo amadya masabata a sukulu kuno. Mukaona kuti zonsezi sizikutheka, njinga yakapalasa ndi gulu la anzake oyenda nawo n'zabwino kuposa nyumba yopanda woyang'anira. Za thandizo la ndalama, funsani ahedi za mabasale a khonsolo ndi a mabungwe monga CAMFED teremu isanayambe, mayina amatengedwa koyambirira.

Ndinasiya sukulu ku Fomu 3 chifukwa cha mimba. Mwana tsopano ali ndi chaka. Kodi angandilandirenso? — Mtsikana wa ku Makanjira

Eya, akulandira. Ndondomeko ya boma yolola atsikana kubwerera kusukulu atabereka ilipo kuyambira 1993. Pita kwa ahedi ndi kholo kapena wokuyang'anira, mutenge kalata yopempha malo. Ngati pochoka sunalembe kalata n'kungosowa, nena zoona, atha kuona dzina lako m'kaundula. Ukaona kuti pasukulu yakaleyo anzako azikuseka, pempha kalata yosamukira kwina. Chomwe chimabweza ambiri pakhomo si sukulu koma wolera mwana, ndiye mugwirizane ndi amayi kapena agogo usanayambe, osati sabata yoyamba itadutsa. Yambiranso Fomu 3 kuchiyambi, usathamangire mayeso. Ndipo wina akakukakamiza banja usanakwane zaka 18, malamulo a dziko lino akukana, ukanene kwa ahedi kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu.

Andisankha kukhala prefect komanso ndili mu kalabu ya debate ndi ya wildlife. Bambo akuti n'kutaya nthawi. — Mnyamata wa Fomu 3, Mangochi boma

Bambo ako akunena zoona pa mbali imodzi: posankha opita ku yunivesite sawerenga makalabu. Koma debate ndi malo okhawo pomwe ambiri amayankhula Chingerezi kwa mphindi zisanu osaima, ndipo zimaonekera pa chimangirizo ndi pa intavyu. Kalabu ya wildlife kuno si yamasewera: Lake Malawi National Park ili pakhomo pompano, pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 1984, ndipo ntchito zoperekeza alendo zimafuna munthu wodziwa kusiyanitsa mbuna ndi utaka n'kufotokoza bwino. Sunga udindo umodzi ndi kalabu imodzi, masana awiri pa sabata, ndipo magiredi akatsika teremu imodzi usiyepo china. Satifiketi iliyonse yomwe wapambana isunge mu fayilo, ndipo pomaliza Fomu 4 upemphe testimonial usanachoke, aphunzitsi okudziwa asanasamutsidwe. Pa uprefect, ntchito yoyamba ndi kuteteza a Fomu 1 kwa owazunza. Ukalowa nawo m'gulu lowazunzalo, chilango chake chimafika pochotsedwa sukulu.

Wina akugulitsa mapepala a MSCE pa WhatsApp, akuti ndi enieni. Tisonkhe? — Ophunzira a Fomu 4

Ayi. Likasa lambiri ndi mafunso a zaka zakale osinthidwa deti, ndipo likakhala lenileni limapweteka aliyense: mu 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa chobedwa, ana onse m'dziko muno analembanso mu Januwale 2021. Wogwidwa nalo zotsatira zake zimafufutidwa ndipo atha kukaonekera kukhoti. Ndalamayo sonkhani mujambulitse mapepala a MANEB a zaka 5 zapitazi, muwalembe m'magulu a anthu 5 kapena 6 mutatchera nthawi, aliyense payekha, kenaka musinthane pochonga.

Chomwe muyenera kuda nacho nkhawa panopa ndi kalembera. Mndandanda wa olembetsa ukabwera kusukulu, aliyense aone yekha kalembedwe ka dzina lake, tsiku lobadwa, chithunzi ndi maphunziro omwe walembetsedwa, asanasaine. Dzina lifanane chilembo ndi chilembo ndi la pa chiphaso cha NRB, chomwe mumayenera kukhala nacho mukakwanitsa zaka 16. Yusufu papepala lina ndi Yusuf papepala lina zidzakuvutitsani pofunsira malo ku koleji kapena ngongole ya maphunziro ku HESLGB, ndipo kukonza dzina satifiketi itatuluka kale kumafuna makalata ndi maulendo a ku Zomba. Ngati mwalipira ndalama ya mayeso, lisiti yake muijambule pafoni, yeniyeniyo muisunge kunyumba mpaka zotsatira zitatuluka.