Musathamangire kufufuta pulogalamu ya PLC, achimwene

Achimwene, mwati makina anu opakira ufa m'matumba akumaima pakati pa ntchito, PLC yake (kakompyuta koyendetsa makinawo) ndi Siemens S7-1200, ndipo wina wakuuzani kuti pulogalamu yasokonekera, muikemo ina kapena mugule PLC yatsopano. Ndalamazo zikhale kaye m'thumba.

Pulogalamu sisintha yokha. Imene inkayendetsa makinawo chaka chatha ndi yomweyo lero, pokhapokha wina atalowamo ndi laputopu. Ntchito ya PLC ndi kuwerenga ma input (uthenga wochokera ku masensa ndi maswitchi), kutsatira pulogalamu, kenako kuyatsa kapena kuthimitsa ma output (opita ku mota ndi mavalavu), ndipo imabwereza zimenezi kambirimbiri pa sekondi imodzi. Makina akaima, kawirikawiri ndiye kuti PLC ikudikira uthenga umene sukufika. Inu fufuzani kuti ikudikira chiyani.

Tsegulani panelo makina ataima, musanathimitse chilichonse. Anthu ambiri amathamangira kuzimitsa ndi kuyatsanso, ndiye umboni wonse umapita. Pa S7-1200 pali timagetsi titatu: RUN/STOP, ERROR ndi MAINT. RUN/STOP ikayaka mobiriwira, ERROR ili yozima, PLC ili bwinobwino, isiyeni. Ikakhala yachikasu ndiye kuti yalowa STOP, ndipo chifukwa chake mukachipeza mu diagnostic buffer (kaundula wa zochitika mu PLC) kudzera pa TIA Portal (pulogalamu ya Siemens ya pa laputopu), pamodzi ndi nthawi imene zinachitika.

Tsopano funsani opareta, pakuti ndi amene amakhala nawo tsiku lonse. Kodi amaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse? Ngati amaima thumba litagwidwa koma ufa usanayambe kutsika, ine ndingayambire pa silinda ya mpweya yogwira thumbayo. Pathupi pake pamakhala ka reed switch kouza PLC kuti silinda yafika kumapeto. Makina akamanjenjemera kamasuntha pang'ono chabe, ndipo PLC siimvanso kuti thumba lagwidwa, ndiye singatsegule geti la ufa. Nthawi zina switchi ili pamalo pake koma silinda ndiyo sikufika, chifukwa mpweya wachepa. Yang'anani geji: makina ambiri otere amafuna pafupifupi 6 bar. Khuthulaninso madzi mu fyuluta ya mpweya, makamaka nyengo ya mvula, chifukwa madziwo akalowa m'mavalavu amachititsa kuti azikakamira.

Ndipo ufa ndi mdani wa sensa zimene zimaona pogwiritsa ntchito kuwala. Kansalu kouma kopukutira sensazi kakonzapo makina ambiri kuposa laputopu yanga.

Mukakayikira sensa, muzigwira ntchito awiri. Wina aike chitsulo kutsogolo kwa proximity sensor (sensa yomva chitsulo chikayandikira), wina ayang'ane kagetsi ka input yake pa PLC, nambala yake mukaipeza pa drawing ya mawaya. Kagetsi ka pa sensa kakayaka koma ka pa PLC osayaka, vuto lili pakati: waya waduka kapena terminal yakhwepa. Yezani ndi mita. Waya wa bulauni ndi +24V, wa buluu ndi 0V, wakuda ndiye wotenga uthenga. Mukapita kukagula sensa ina, onetsetsani ngati yakaleyo ndi ya mtundu wa PNP kapena NPN. M'sitolo zimaoneka ngati mapasa, koma mukasinthanitsa PLC siiona kanthu.

Kumene anthu saganizirako kwenikweni ndi kabokosi kopereka 24V. Ndinavutikapo masiku atatu pa fakitale ina ndi makina amene ankangozima okha masana. Ndikayeza ndinkapeza 24V yabwinobwino, chifukwa ndinkayeza makina ataima. Tsiku lachitatu ndinasiya mita ili yolumikiza makina akuyenda, ndipo mavalavu akatseguka limodzi magetsi ankagwa mpaka 19V. S7-1200 ya DC imafuna pakati pa 20.4V ndi 28.8V, ndiye inkazima n'kuyakanso. Kabokosiko kanali katatopa ndi kutentha ndi kuthimathima kwa magetsi. Kusintha kwake sikunatenge ngakhale theka la ola.

Ngati makinawo amaima pena paliponse, lero apa mawa apo, kayikirani mawaya amene amapindika makina akamayenda. Waya amaduka m'kati khungu lili lonse. Agwedezeni mmodzimmodzi mnzanu akuyang'ana timagetsi ta input. Makoswe nawonso amaluma mawaya, paja pamene pali ufa sachoka.

Mbali ya ma output ndi yosavuta. Kagetsi ka output kakayaka koma mota osazungulira, PLC yachita yake. Tsatirani waya: fyuzi, overload (chotetezera mota) pa ma terminal 95 ndi 96, koilo ya kontakita (switchi yoyatsira mota). Ngati mota ili pa VSD (chosinthira liwiro la mota), werengani nambala ya fault pa sikirini yake musanadinde reset. Zikapezeka kuti output imodzi ya relay ndiyo yapsa, zimachitika ndithu chifukwa imapirira 2A yokha, apo ndiye mungafune wa laputopu kuti asamutsire pa output yotsala.

Wa laputopuyo akabwera, asanakhudze kanthu ayambe wakopera pulogalamu imene ili mu PLC n'kukupatsani inuyo pa flashi. Akakuikirani yachikale yochokera kwina, ma timer ndi zina zimene zinakonzedwa pamakina anuwo zitayika, ndipo mudzakhala ndi mavuto awiri. Musalolenso kuti asiye force (kukakamiza output kukhala yoyaka kapena yozima mosatsata pulogalamu) pa output iliyonse, kapena kudumphitsa waya pa emergency stop ndi switchi ya chitseko kuti "tingomaliza oda ya lero". Silinda ija sidziwa kusiyanitsa thumba ndi dzanja la munthu. Polowetsa manja m'makina, thimitsani magetsi, ikani loko pa isolator (switchi yaikulu yodulira magetsi), ndipo mutulutse mpweya wonse.

Akaimanso mawa, jambulani timagetsi ta pa PLC tonse tioneke bwino, mujambulenso tsamba la ma input pa drawing, munditumizire. Munenenso ngati thumba limakhala litagwidwa kale kapena ayi.