Mafunso a Alembi: Kodi kutsatsa buku si ntchito ya osindikiza?

Funso: Ndalemba buku la kawetedwe ka nkhuku zachikuda. Osindikiza ena andiuza kuti potumiza mitu iwiri yoyambirira, ndiphatikizepo ndondomeko ya mmene ndidzatsatsire bukulo. Kodi imeneyi si ntchito yawo? Nanga ndilembemo chiyani?
Mlangizi wa zaulimi, Mchinji

Yankho: Bambo, ntchitoyi ndi ya nonse. Osindikiza amalipira okonza zolemba, ojambula chikuto ndi makina buku lisanagulidwe ngakhale limodzi. Akufuna adziwe ngati asindikize makope 500 kapena 2,000, ndipo amene amadziwa kumene ogula ali ndi inu. Tsamba limodzi kapena awiri akwanira.

Yambani ndi owerenga. Musalembe kuti "bukuli ndi la Amalawi onse"; wosindikiza akaona mawu amenewo amadziwa kuti simunaganizepo. Tchulani alimi a m'makalabu, alangizi anzanu, ophunzira zaulimi ku yunivesite ya LUANAR, ndi mabungwe amene amagawa ziweto m'midzi. Kenako ikani manambala amene mungawaikire umboni: makalabu angati mumawayendera pamwezi, lililonse lili ndi anthu angati, magulu angati a WhatsApp amene mumalangizamo.

Apa ndi pamene ambiri amaterereka: amasakaniza zimene akulakalaka ndi zimene agwirizana kale. "Ndidzayesa kulankhula pa wailesi" ndi loto chabe. Koma mukalemba kuti mwakambirana ndi wailesi ya m'dera lanu, monga Mudzi Wathu, ndipo akupatsani mphindi 15 kanayi, wosindikiza amatchera khutu. Kalata ya bungwe lolonjeza kugula makope 100 imalemera kuposa anthu 5,000 okutsatirani pa Facebook, chifukwa ambiri mwa iwo sadzatulutsa ndi tambala yomwe. Kalata yotereyi iphatikizeni.

Nyengo nayonso ilembeni. Mlimi amakhala ndi ndalama akakolola n'kugulitsa, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Buku lotuluka mu Januwale limapeza ndalama zitathera ku feteleza ndi fizi. Yambani kulengeza kutatsala miyezi itatu kuti lituluke, ndipo onetsani zimene mudzachite mwezi ndi mwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi litatuluka. Mwambo wokhazikitsa buku ndi wabwino, makamaka alendo akapikisana pogula kope loyamba, koma ndi wa tsiku limodzi. Alembi amene amathera mphamvu zonse pamenepo amatsala ndi makatoni akudyedwa ndi chiswe.

Fotokozaninso mmene munthu wa ku Karonga angalipezere: alipira pa Airtel Money kapena Mpamba, nanga lidzamufika bwanji, ndipo mtengo wotumizira alipira ndani?

Funso: Ndine wamanyazi, ndipo pa Facebook sindilembapo. Kodi ndakatulo zanga zikanidwa chifukwa cha zimenezi?
Mphunzitsi, Zomba

Yankho: Ayi mayi, musatsegule tsamba la Facebook lero n'cholinga chongodzaza pepala; tsamba logona limaonekera. Lembani zimene muli nazo kale: sukulu za m'zoni yanu zimene zingakuloleni kulakatula, makalabu a alembi, misonkhano ya bungwe la Malawi Writers Union, nthambi za National Library Service. Pemphani alembi awiri odziwika awerenge ndakatulozo ndi kulembapo mawu a pachikuto, koma mayina awo muwatchule m'ndondomekoyo pokhapokha atavomera.