Funsani Malume: Oshin ndingamuonere pati?

FUNSO: Malume, mayi anga amalira ndi sewero lina la ku Japan, Oshin, la kamtsikana kosauka kamene makolo ake anakapereka kukagwira ntchito yapakhomo posinthana ndi thumba la mpunga. Anaonera pa DVD ya achemwali awo koma inakalika, imangoima pakati. Ndazungulira ma burning centre kuyambira pa Chitakale mpaka Limbuli, anyamata aja akungondipatsa za ku Korea ndi za karate zomasulira. Pa intaneti lilipo? Ndine mtsikana wa ku Mulanje.

YANKHO: Mwana wanga, mayi ako amadziwa zabwino. Oshin ndi wa NHK, wayilesi ya dziko lonse la Japan, anayamba kuonetsedwa mu 1983 ndipo ali ndi ma episode 297, iliyonse mphindi 15. Ukaphatikiza ndi maola pafupifupi 74, ndiye usanayambe kusaka uyambe waganizira bando, chifukwa ngakhale pa Netflix chithunzi chotsikitsitsa chimadya pafupifupi 0.3 GB pa ola, apa tikunena ma GB opitirira 20.

Vuto la masewero akale ndi ma rights, kutanthauza chilolezo choonetsera sewero, amagulitsidwa dziko ndi dziko, ndipo eni ake sathamangira msika ngati wathu wa Malawi. NHK ili ndi NHK On Demand, malo ake oonetsera masewero pa intaneti, koma ndi ya anthu okhala ku Japan komweko komanso ndi chi Japanese chokhachokha. Chomwe ungachite, tsitsa app ya NHK World-Japan, ndi yaulere, ndi Viki yomwe ili ndi masewero a ku Asia okhala ndi mawu a Chingerezi pansi, ulembe dzinalo m'malo osakira uone. Pa YouTube umapeza zidutswa, lero zilipo mawa azichotsa, osadalira.

Chimene ndikukuletsa ndi ma website aja odzadza ma button a download amene amapempha nambala ya foni kapena PIN ya mobile money, ameneyo ndi wakuba, tseka pomwepo.

Ine ndikanakhala iwe ndikanapempha m'bale wa ku Joni kapena ku UK asake ma DVD ogwiritsidwa kale ntchito, aonetsetse kuti ali ndi ma subtitle a Chingerezi komanso region yake, nambala yosonyeza chigawo cha dziko lapansi chomwe DVD-yo inapangidwira, poti ma DVD a ku Japan ndi Region 2 ndipo ma player ena amakana. Ulemberenso kazembe wa Japan ku Lilongwe, uwauze kuti kuno kuli amayi akumufuna Oshin.