Clause imadziwika ndi ntchito yake, osati ndi mawu amene yayambira

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri: mitundu ya ma clause m'Chingerezi, komanso chifukwa chimene aphunzitsi anakuthetherani mutalemba kuti "where she lives" ndi adverbial clause m'chiganizo chakuti "I know where she lives", chonsecho "where" amanena za malo. Aphunzitsiwo sanalakwe. Pagona nkhani ndi pa funso lachiwirili, koma tiyambe tagwirizana kuti clause n'chiyani.

Clause ndi gulu la mawu lokhala ndi mwininkhani ndi mneni wake wosonyeza nthawi, amene mabuku amamutcha finite verb. Ndi chomwe chija m'kalasi ya Chichewa timati nthambi ya chiganizo. Gulu lopanda mneni wotere ndi phrase, kapandamneni. "After the lesson" ndi phrase, koma "after the lesson ended" ndi clause chifukwa mwalowa "ended". Ndiye mukapatsidwa chiganizo chachitali, choyamba dulani mzere kunsi kwa finite verb aliyense. Mukapeza atatu, nthambi ziliponso zitatu. Kumbukirani kuti "has been waiting" ndi mneni mmodzi ngakhale mawuwo ndi atatu.

Nthambizi zili m'magulu awiri. Main clause, ena amati independent clause, imaima payokha: "The students went home." Subordinate clause, kapena dependent clause, siima payokha. Munthu akangonena kuti "because the teacher was absent" n'kukhala chete, womva amadikirabe kuti amve chimene chinachitika. Nthambi ziwiri zoima pazokha zikalumikizidwa ndi "and", "but", "or" kapena "so", chiganizocho ndi compound sentence. Ikakhala imodzi yoima payokha ndi ina yodalira inzake, ndi complex sentence. Apa ambiri savutika.

Vuto limayamba pogawa ma subordinate clause m'mitundu yake itatu: noun clause, adjective clause imene imatchedwanso relative clause, ndi adverbial clause. Ophunzira ambiri amaloweza mndandanda wa mawu oyambira, kuti akaona "who" basi ndi adjective clause, akaona "where" kapena "when" ndi adverbial clause, akaona "that" ndi noun clause. Ine njira imeneyi sindigwirizana nayo m'pang'ono pomwe, chifukwa ena mwa mawu amenewa amapezeka m'mitundu yonse itatu. Taonani:

"I know where she lives."
"This is the house where she lives."
"The bus stops where she lives."

Mawu atatu omalizawo sanasinthe, koma ntchito yake yasintha katatu. M'chiganizo choyamba funso ndi lakuti, ndikudziwa chiyani? Yankho ndi "where she lives". Mungathe kuchotsa nthambi yonseyo n'kuikapo "it" kapena "her address", chiganizo n'kukhalabe bwinobwino. Chimene chalowa m'malo mwa dzina chikugwira ntchito ya dzina, ndiye iyi ndi noun clause, pamtherankhani wa mneni "know". M'chachiwiri nthambiyo yakhala pambuyo pa dzina "house" ndipo ikutiuza kuti ndi nyumba iti. Imeneyo ndi ntchito ya mfotokozi, adjective clause. M'chachitatu mokha ndi mmene ikuyankha kuti basi imaima kuti, ndipo mungaikepo "there". Pamenepo ndiye adverbial clause of place. Chomwecho chimachitikanso ndi "when": "Tell me when it starts", "I remember the day when it started", "Call me when it starts".

Noun clause imakhala paliponse pamene dzina lingakhale. Ikhoza kukhala mwininkhani, monga "What he said surprised us". Ikhoza kukhala pamtherankhani, monga tachitira kale. Imabweranso pambuyo pa mperekezi, "Listen to what she says", kapena pambuyo pa "is" ndi "was" ngati complement, mawu onena chimene mwininkhani ali, "The problem is that we are late". Chenjerani ndi kasanjidwe ka mawu funso likalowa m'kati mwa chiganizo. Timafunsa kuti "Where is he?" koma timati "I don't know where he is", osati "where is he". Cholakwa chimenechi chimapezeka ngakhale m'makalata a anthu amene anamaliza sukulu kalekale.

Pamene pamagwa anthu ambiri, ngakhale anzeru a m'kalasi, ndi pa "that" wobwera pambuyo pa dzina. Yerekezani ziwirizi: "The news that he brought shocked us" ndi "The news that he had resigned shocked us". Zikuoneka ngati mapasa. Yesani kuika "which" m'malo mwa "that". "The news which he brought" zikumveka, ndiye ndi adjective clause, ndipo "that" akuimira "news" monga chinthu chimene munthuyo anabweretsa. "The news which he had resigned" sizikumveka. Apa nthambiyo sikusankha kuti ndi nkhani iti, koma ndiyo nkhaniyo: kutula pansi udindo ndiye uthengawo. Imeneyi ndi noun clause in apposition. Imakonda kutsatira mayina monga "fact", "idea", "rumour", "belief" ndi "news".

Adjective clause ili ndi nkhani yakenso ya mipatuliro. Defining clause imasankha munthu kapena chinthu pakati pa zambiri ndipo siikidwa mipatuliro: "Students who arrive late will not be admitted." Mukaichotsa, tanthauzo lasokonekera, zikumveka ngati ophunzira onse aletsedwa. Non-defining clause imangowonjezera mfundo pa chinthu chodziwika kale: "Nelson Mandela, who became president of South Africa in 1994, spent 27 years in prison." Mukaichotsa, tikudziwabe amene tikunena. Mpatuliro si chokongoletsera ayi. "My brother who is a nurse called" akutanthauza kuti abale alipo angapo ndipo waimba ndi namwinoyo, pamene "My brother, who is a nurse, called" akusonyeza kuti m'baleyo ndi mmodzi yekha. "That" salowa mu non-defining clause. Ndipo nthawi zina mlowam'malo saoneka n'komwe. Mu "The book I borrowed is lost" muli aneni awiri, "borrowed" ndi "is", choncho "I borrowed" ndi adjective clause imene "that" wake wangosiyidwa. Kusiya kotere kumaloledwa pamene mlowam'maloyo ndi pamtherankhani, osati mwininkhani. Amene amasaka mawu oyambira sangaipeze nthambi imeneyi.

Adverbial clause ili ndi timagulu tambiri, koma ndi yosavuta kuigwira chifukwa imayankha mafunso amene mumafunsa mneni: liti, kuti, chifukwa chiyani, motani, ndi cholinga chanji. Mayina ake ndi time, place, reason, manner, purpose, result, condition, concession ndi comparison. Zambiri mwa izi zimasunthika. "We stayed indoors because it rained" ndi "Because it rained, we stayed indoors" n'chimodzimodzi, kungoti ikatsogola imatsatidwa ndi mpatuliro. Zosokoneza ndi zochepa. "So that" amasonyeza cholinga, "She left early so that she could catch the train", pamene "so" ndi "that" akatalikirana amasonyeza zotsatira, "She was so tired that she fell asleep". "Since" akhoza kukhala wa nthawi kapena wa chifukwa, "as" ndiye amafika pa nthawi, chifukwa ndi mchitidwe womwe, choncho werengani chiganizo chonse musanatchule dzina. Polemba zanuzanu, musaphatikize "although" ndi "but" m'chiganizo chimodzi. Komanso "unless" ali kale ndi tanthauzo la "if not", ndiye "unless you don't study" akunena zosemphana ndi zimene mukufuna.

Mwina mukumana ndi mabuku otcha "walking home" kapena "to pass the test" kuti non-finite clause, pamene ena amati participial phrase ndi infinitive phrase. Onsewo ali ndi zifukwa zawo, ndi kusiyana kwa akatswiri pa katchulidwe. Pa mayeso tsatirani buku limene mukuphunzira m'kalasi.

Funso likati "state the type and function", musalekere pa dzina la mtundu. Tchulaninso mawu amene nthambiyo ikugwirako ntchito: "adjective clause qualifying the noun house", "adverbial clause of time modifying the verb call". Tayesani pa ichi: "The man who called said that he would come when the rain stopped." Aneni alipo anayi, "called", "said", "would come" ndi "stopped". "Who called" ikufotokoza "man". Kuyambira pa "that" mpaka kumapeto ndi noun clause, zimene bamboyo ananena. M'kati mwakemo mwabisala "when the rain stopped", adverbial clause of time, ndipo ikugwira pa "would come", osati pa "said", poti mvula ikukhudza nthawi yobwera, osati nthawi imene analankhula.