Bilu ya madzi yakwera katatu, kodi MERA ingakuthandizeni?

Mayi wina wa kalesitilanti wandilembera kuti bilu yake ya madzi yakwera katatu, chonsecho mpopi umakhala wouma masiku ambiri, ndipo amuopseza kuti amudulira. Akufunsa ngati angakadandaule ku MERA. Amayi, kalata yanuyi yandigunda pachilonda.

Ndinakhalapo m'nyumba za mdadada, mabanja angapo pa mita imodzi, dzina la pabilu lili la alandilodi. Mwezi ukatha ankabwera ndi kakope kawo n'kuuza aliyense zoti apereke. Bilu yeniyeniyo palibe anaionapo. Mayi wa khomo lakumapeto ankachapa zovala za anthu paganyu, ine ndinali ndekhandekha wosamba ndowa imodzi, koma tinkasonkha mofanana. Ndiye tinkangodyana tokhatokha pampopi, kuwerengerana zidebe, kunenana kuti ana a uje amaseweretsa madzi. Mpaka ena anasiya kupatsana moni. Tsiku lina tinangodzuka madzi atadula, ndi pamene tinadziwa kuti ndalama zathu zinkathera m'thumba mwa alandilodi. Nditapita ku ofesi ya bodi ya madzi anandiyankha mwaulemu ndithu kuti sangakambe nane za akaunti ya munthu wina. Ndinapsa mtima, komatu ankanena zoona: kasitomala wawo sanali ine. Mpaka lero ndikamafuna nyumba ya lendi ndimayamba kufunsa za mita, za denga pambuyo.

Tsono za MERA. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004 ndipo limayang'anira za mphamvu, monga magetsi, mafuta agalimoto ndi gasi. Madzi mulibemo. ESCOM ikafuna kukweza mitengo imayenera kukapempha ku MERA, pamakhala misonkhano yomva maganizo a anthu, ndipo mu 2023 anaivomereza kukweza ndi 50.8 peresenti pa zaka zinayi, osati kamodzin'kamodzi. Sindikuti zotsatira zake zimatikomera ayi. Koma khomo logogoda lilipo, ndipo wa chigayo kapena wowotcherera zitsulo amene kampani ya magetsi yalephera kumuthandiza akhoza kukasiya dandaulo kumeneko.

Kumadzi ndiye kumandiwawa. Tili ndi mabodi asanu: wa Lilongwe, wa Blantyre, wa kumpoto, wa pakati ndi wa kummwera, onse oyendera lamulo la 1995. Mwini wake ndi boma, wovomereza mitengo yawo ndi boma lomwelo. Mwini timu ndi yemwenso wanyamula wenzulo. Wina akuuzani za National Water Resources Authority ya lamulo la 2013, koma iwo amaona za mitsinje, madamu ndi zilolezo zokumba mijigo, osati bilu yanu. Anzathu ku Zambia ali ndi NWASCO, bungwe loyang'anira makampani a madzi, kuyambira 2000. Imavomereza mitengo ya madzi ndipo chaka ndi chaka imaulutsa poyera kuti kampani iti yagwira bwino ntchito, iti yalephera. Ife tikudikira chiyani? Ine ndatopa nazo zoti munthu azidandaula kwa amene wamulemberayo bilu, n'kumayembekezera chifundo chake.

Komanso zinthu ziwirizi n'zolumikizana kuposa mmene timaganizira. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera ku Walker's Ferry pa Shire, n'kuwapopa ndi magetsi mtunda wautali wokwera phiri. Magetsi akakwera, ndalamayo imadzakupezani pampopi. Magetsi akathima, mpopi nawo umauma.

Nanga muchite chiyani?

Tsekani mipopi yonse muone ngati mita ikuyendabe. Ikamayenda, paipi ikudontha penapake, ndipo kudontha kwa mbali yanu ya mita n'kwanu. Jambulani manambala a pamita muyerekeze ndi a pabilu, chifukwa nthawi zina amangolemba mongoganizira. Mpweya wa m'paipi madzi akamabwerera umathanso kuzunguza mita. Lembani kalata yopempha kuti adzaiyeze, adinde kope yanu, ndipo pitirizani kulipira zomwe mumalipira nthawi zonse mukusunga malisiti. Akakunyalanyazani, pitani ku CFTC, bungwe la boma loteteza ogula, kapena kwa Ombudsman, amene amamva madandaulo okhudza maofesi a boma. A CAMA, bungwe lomenyera ufulu wa ogula, nawo amathandiza kukuwa.

Koma simunandiuze chinthu chimodzi, amayi: malowo ndi a lendi? Ngati pabilupo pali dzina la eni nyumba, yambirani kwa iwo, chifukwa ku ofesi akakubwezani pakhomo.