Ndasiya shuga, nanga ndikatha kudya nditsitsire chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina amene adokotala amuuza kuti achepetse shuga. Mu tiyi anasiya kuthira, zakumwa za m'mabotolo anazisiya, koma akuti madzulo ndi amene amusautsa. Akatha kudya, pakamwa pamafuna kanthu kotsekemera, ndipo a m'nyumba mwake akamadula keke iye amangoyang'ana kumbali. Funso lake ndi lalifupi: kodi chilipo chokoma chimene ndingatsitsire chakudya popanda kudzinamiza?

Achemwali, imelo yanu ndaiwerenga mobwerezabwereza, chifukwa mwandikumbutsa mayi anga.

Iwo anawapeza ndi matenda a shuga ali achikulire kale, ndipo kuyambira tsiku limenelo abale onse anasanduka alonda a mbale yawo. Ndimakumbukira tsiku lina tikukondwerera kubadwa kwa mdzukulu wawo. Keke inadulidwa, aliyense analandira chidutswa chake, iwo n'kuwabweretsera theka la apulo pa kambale, losasenda, litayamba kale kuda m'mbali chifukwa linadulidwa masana. Anathokoza, n'kumalitembenuza ndi foloko uku akuseka ndi ana, koma pakamwa silinafike. Usiku nditalowa kuchipinda kwawo kukawapatsa mankhwala, ndinapeza timapepala ta maswiti pansi pa pilo. Sindinanene kanthu, iwonso sananene kanthu. Koma zinandiwawa kwambiri kuona munthu wamkulu, amene analera ana n'kuona zidzukulu, akufika pobisa maswiti m'nyumba mwake momwe. Chipatso chija sichinalakwe. Vuto linali loti panalibe amene anaganiza zokhala kukhitchini kanthawi pang'ono kuti chipatsocho chisanduke chakudya cha pa chikondwerero, choti nawonso anyadire polandira.

Patapita zaka, nanenso anandiyeza magazi n'kundiuza kuti shuga wanga wafika m'malire: sindinadwale, koma ndili pakhomo. Tsiku lomwelo ndinatsimikiza mtima kuti ine sindidzadyera mobisala. Ndinayamba kufufuza pa intaneti maphikidwe a makeke amene amati ndi opanda shuga, ndipo zimene ndinapeza zimandikwiyitsa mpaka lero.

Ambiri mwa maphikidwe amenewa amangochotsa shuga woyera n'kuikamo uchi wodzaza kapu, kapena madeti (zipatso za kanjedza) ophwanya, kapena manyuchi a mtundu wina okhala ndi dzina lokongola. Uchi ndi chakudya chabwino ndipo ndimaukonda, koma pa magalamu 100 a uchi, pafupifupi 80 ndi shuga, otsalawo ambiri ndi madzi. Madeti ouma nawonso, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwake ndi shuga. Mano anu ndi magazi anu sizifunsa ngati shugayo wachokera ku nzimbe kapena ku njuchi. Amene amalemba kuti "yopanda shuga" pa keke yothira uchi akunamiza anthu odwala, ndipo ine bodza limenelo sindilikhululukira, chifukwa amene amalikhulupirira ndi anthu ngati inu, oyesetsa ndi mtima wonse.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena momveka mu 2015. Shuga amene akutichenjeza naye si wa m'kabotolo ka patebulo yekha ayi. Akuwerengera shuga aliyense wothiridwa ndi wophika kapena ndi kampani, komanso amene ali mu uchi, m'manyuchi ndi mu juwisi wa zipatso. Anati ameneyu asapitirire magawo 10 pa 100 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku, zimene kwa munthu wamkulu zili pafupifupi magalamu 50. Anawonjeza kuti kutsika mpaka magawo 5, pafupifupi magalamu 25, kumathandiza koposa. Supuni yaing'ono ya tiyi imanyamula pafupifupi magalamu 4, ndiye magalamu 25 ndi masupuni 6 basi. Chitini chimodzi cha kola cha mamililita 330 chili ndi magalamu pafupifupi 35. Posiya zakumwa zimenezi, achemwali, ntchito yaikulu mwaigwira kale, ndipo ndikufuna mudziwe zimenezo musanayambe kudzidzudzula chifukwa cha chibaba cha madzulo.

Tsono taonani zimene sanaziike m'gulu limeneli: shuga wa m'chipatso chathunthu, wa m'ndiwo zamasamba ndi wa mumkaka. Apa ndi pamene pali mpumulo wanu. Lalanje mukalidya lonse, shuga wake amabwera atakulungidwa mu fayiba (timaulusi ta m'chipatso), mumatafuna, m'mimba mumadzaza, ndipo amalowa m'magazi pang'onopang'ono. Mukafinya malalanje atatu m'tambula, fayiba yambiri imatsalira m'zotaya, ndipo mumameza zonsezo nthawi imodzi osakhuta n'komwe. Ndani angadye malalanje atatu motsatizana atangomaliza chakudya chamadzulo? Koma kumwa, timamwa osaganiza.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhani iyi ikandibwerera ndimalephera kukhala chete. Mu 2016, magazini ya zachipatala ya JAMA Internal Medicine inatulutsa zimene ofufuza anapeza m'makalata akale: m'zaka za m'ma 1960, bungwe la makampani a shuga ku America linalipira akatswiri ena a pa yunivesite ya Harvard kuti alembe za chakudya ndi matenda a mtima. Zolembazo zinatuluka mu 1967, zikuchepetsa mlandu wa shuga n'kuloza chala mafuta. Sindikunena kuti zonse zinachokera pamenepo, koma kwa zaka zambiri anthu tinaphunzitsidwa kuopa mafuta koposa china chilichonse, ndipo makampani ambiri akachotsa mafuta m'chakudya ankabwezeretsa kukoma ndi shuga. Mpaka pano mukatenga yogati wa zipatso wolembedwa kuti alibe mafuta, tembenuzani kumbuyo muwerenge. Yogati wosathira kanthu amakhala ndi magalamu 4 kapena 5 a shuga wa mumkaka pa magalamu 100. Wothira zokometsera nthawi zambiri amaposa pamenepo kawiri. Pa paketi, zinthu zimalembedwa motsatira kulemera kwake, chochuluka poyamba, ndiye mukaona shuga, glucose syrup kapena dextrose pa mzere woyamba kapena wachiwiri, bwezani pa shelefu.

Mwina mufunsa za timankhwala totsekemeretsa, monga aspartame, sucralose ndi stevia. Mu 2023 a WHO analangiza kuti anthu asamadalire zimenezi pofuna kuchepetsa thupi, chifukwa umboni sukuonetsa kuti zimathandiza pa nthawi yaitali. Malangizowo sakukhudza anthu amene ali kale ndi matenda a shuga, ndipo ine sindingadzudzule munthu amene stevia amamuthandiza kusiya kola. Koma monga chotsitsira cha tsiku ndi tsiku, ayi. Zimasunga lilime pamalo omwewo, likudikirabe kutsekemera kwakukulu. Chenjeraninso ndi chokoleti ndi maswiti olembedwa kuti alibe shuga koma ali ndi zotsekemeretsa za sorbitol kapena maltitol: mukachulukitsa, mimba imafufuma, ena mpaka kutsekula. Ndipo ngati muli ndi galu pakhomo, chotsekemeretsa china cha xylitol ndi poyizoni kwa iye ngakhale atadya pang'ono.

Anthu amakonda kulimbikitsana kuti ukasiya shuga, pakapita masabata ochepa sumufunanso. Ndikanakonda zikanakhala choncho. Akatswiri a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anayesa zimenezi, n'kutulutsa zotsatira mu 2016. Anthu amene anachepetsa shuga kwa miyezi itatu anayamba kumva zakudya zomwezo kuti zatsekemera kwambiri kuposa kale, koma kukonda kwawo zotsekemera sikunasinthe. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene ndinaona pa ine mwini. Nthochi yakupsa tsopano imandikomera kwambiri, yogati wa m'sitolo amandilaka, koma keke yabwino ikadutsa mtima umadumphabe. Choncho chibaba chikakugwirani musaganize kuti mwalephera. Thupi la munthu linabadwa likukonda kutsekemera, ngakhale khanda limasangalala nako.

N'chifukwa chake maganizo anga aumirira apa: siyani kufunafuna keke yonamizira. Keke yopangidwa ndi zolowa m'malo imangokukumbutsani keke yeniyeni, mumadya zidutswa ziwiri mukufunafuna kukoma kumene kulibe, n'kudzuka patebulo muli okhumudwa. Kuli bwino masiku wamba mudye chinthu china chokoma mwa icho chokha, ndipo tsiku la chikondwerero mulandire kachidutswa kakang'ono ka keke yeniyeni, mukhale pansi, mudye poyera pamodzi ndi anzanu. Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin, kambiranani ndi adokotala anu za kukula kwa kachidutswako komanso kuchuluka kwa zipatso, chifukwa kwa inu ngakhale nthochi imawerengeredwa.

Ndiye mudye chiyani?

Yambani ndi moto. Chipatso chikawotchedwa, madzi ake amachepa ndipo kutsekemera kumaunjikana. Dulani apulo kapena peyala pakati, chotsani njere, wazani sinamoni, ikani kachidutswa ka batala pamene panali njerepo, lowetsani mu uvuni mpaka foloko izilowa mosavuta ndipo m'mbali mwayamba kufiira. Fungo lake lokha limaitana anthu kukhitchini. Chinanazi chodula mozungulira n'kuchiika pa poto wotentha chimachita chimodzimodzi. Ngati mayi anga akanalandira chimenechi chili chotentha, ndi supuni ya yogati pamwamba, ndikukhulupirira kuti akanadya.

Nthochi zikapsa mpaka khungu kuchita madontho akuda, musataye, chifukwa pamenepo sitachi wake wasanduka shuga. Sendani, dulani tizidutswa, ikani mu firiza usiku wonse, mawa lake mugaye m'makina ogayira zipatso mpaka zisalale. Zimatuluka zofewa moti ana amayesa ayisikilimu. Supuni ya ufa wa koko wosathira shuga kapena ya chiponde chosathira shuga imasinthiratu kakomedwe kake. Kumbukirani kuti nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 14 a shuga wake, ndiye imodzi ndi yokwanira munthu mmodzi.

Masiku otopa, yogati wosathira kanthu ndi mango kapena masitiroberi odula, ndi mtedza wokazinga pamwamba. Mafuta ndi mapuloteni a mu yogati ndi mtedza ndi amene amachititsa kuti mudzuke mutakhutira. Kapena tizidutswa tiwiri ta chokoleti chakuda cholembedwa 85% (kuchuluka kwa koko), chimene shuga wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi chokoleti cha mkaka, chomwe pafupifupi theka lake ndi shuga. Poyamba chimawawa. Musatafune, chisiyeni chisungunuke pa lilime, ndi tiyi wotentha pambali. Kamchere pang'ono kamachepetsa kuwawako, ndipo vanila ndi sinamoni zimachititsa kuti chakudya chimveke chotsekemera kuposa mmene chilili.

Za kuphika keke nokha, shuga samangotsekemeretsa. Amasunga chinyontho, amafewetsa, amafiiritsa pamwamba. Mukamuchotsa yense keke imauma n'kulimba. Koma pa maphikidwe ambiri mutha kuchotsa gawo limodzi mwa anayi, nthawi zina limodzi mwa atatu, a m'nyumba osazindikira. Ine ndimatero ndi keke ya tsiku lobadwa la aliyense, ndipo ndimaphikira m'kachitini kakang'ono kuti ithe tsiku lomwelo, isagone mufuriji n'kumandiitana mawa.

Chomaliza chimene ndikupempheni ndi choti chotsitsira chanu musamachikonze cha inu nokha. Mukawotcha maapulo, wotcherani nyumba yonse, ikani m'mbale zabwino, bweretsani patebulo nthawi imodzi. Auzeninso a m'nyumba mwanu momveka kuti simukufuna mlonda, mukufuna anthu odya nawo, ndipo kuti tsiku limene mwalandira keke palibe amene ayenera kukuwerengerani. Ngati madzulo ano muli ndi nthochi zakupsa kukhitchini, ziikeni mu firiza musanagone, mawa muyambire pamenepo, kenako mundilembere mmene ana azilandirira.