Akakuuzani kuti "use your loaf" sakunena za buledi

Mayi wina amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku London wanditumizira imelo. Akuti: "Chingerezi ndinakhoza bwinobwino pa MSCE, koma kuno agogo ena amandiuza kuti 'use your loaf', pena 'have a butcher's'. Buledi ndi wogulitsa nyama zikubweramo bwanji?"

Mayi, musadzikayikire, Chingerezi chanu chilibe vuto. Zomwe mukumvazo ndi kayankhulidwe ka anthu a kum'mawa kwa London, otchedwa ma Cockney. Mwa mwambo wawo, Cockney weniweni ndi wobadwira pamalo pomwe pamamveka mabelu a tchalitchi cha St Mary-le-Bow. Kayankhulidwe aka kanafala m'zaka za m'ma 1800 pakati pa ogulitsa malonda m'misewu, ndipo mu 1859 John Camden Hotten anaika ambiri mwa mawu amenewa m'dikishonale yake.

Amachita chonchi: liwu lomwe akufuna kunena amalisiya, n'kutenga mawu ena omveka mofanana nalo kumathero. "Head" ndi "bread" zimamveka mofanana, ndiye mutu ukusanduka "loaf of bread". Tsono pagona nkhani ndi apa: mbali yofananayo amaidulanso, n'kutsala "loaf" yokha. Mlendo angaitole bwanji? Agogowo akungokuuzani kuti muganize mofatsa, mutu ugwire ntchito. "Butcher's" yachokera ku "butcher's hook", chitsulo chokolekapo nyama mu butchala, ndipo "hook" akuimira "look". Apo akuti tayang'anani. Akati mukunena "porkies" ndiye mwakwiyitsa munthu, akuti mukunama: "porkies" yachokera ku "pork pies", m'malo mwa "lies", mabodza.

Abale athu a ku Joni amamva anthu akuitanana kuti "my china". Gwero lake ndi lomweli, "china plate" m'malo mwa "mate", kutanthauza mnzanga.

Pa intaneti mupeza mindandanda italiitali, monga "apples and pears" kutanthauza masitepe, "dog and bone" kutanthauza foni. Musataye nayo nthawi. Ambiri mwa mawu amenewo masiku ano amangowatchula pochita nthabwala, ndipo inu mukakawanena kuntchito adzakusekani. Amoyo ndi odulidwawo, moti Angerezi ambiri amati "loaf" osadziwa n'komwe kuti poyamba panali "bread". Mukamva lachilendo afunseni agogowo kuti mbali yomwe inadulidwa ndi iti. Okalamba a ku East End, kum'mawa kwa London kuja, amakonda kufunsidwa zimenezi, ndipo mwina tiyi azizira akufotokozabe.